Khoswe wa pamkhate: za katemera wa korona ndi amayi apakati

M'mwezi wa Epulo, chaka cha 2021, pamene chimanga chinali chitayamba kuuma m'minda, ndipo mitima ya anthu inali isanapole ndi maliro a mu Januwale aja amene anatilanda nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, mlamu wanga wina, yemwe pa nthawiyo anali ndi pathupi pa miyezi isanu, analawira m'mamawa kupita ku kachipatala ka kwathu, buku lake la sikelo atalikulunga m'kajumbo kakale ka shuga, kuti akabayitse katemera wa korona amene wailesi inkalengeza usana ndi usiku. Anaima pamzere pansi pa mtengo wa mango kufikira dzuwa litafika paliwombo, ndipo atafika patebulo, mlangizi wa zaumoyo, mnyamata waulemu wake ndithu, anayang'ana chitenje chimene chinali chitakwera pamimba, nabweza jakisoni pambale, nati: "Mayi, inu ndiye ayi. Mudzabwere mukachira." Mlamu wanga anafunsa ngati adzaloledwe akamayamwitsa, ndipo mnyamatayo, atakanda m'mutu, anayankha kuti, "Aa, pamenepo sitinauzidwe."

Mawu akuti "sitinauzidwe" sanafike kumudzi monga momwe anatulukira pakamwa pa mwini wake. Pofika madzulo, amayi a pamjigo anali atamva kuti achipatala eni ake avomera kuti katemerayu amachotsa mimba. Pofika Lamulungu, pabwalo la tchalitchi, nkhani inali yakuti amaumitsa chiberekero ndi kuphwetsa mawere. Ndipo patapita miyezi, malangizo atasintha, alangizi omwewo nayamba kuitana amayi apakati kuti abwere adzabayitse, panalibe wodzuka pamphasa, pakuti munthu amene unam'bweza pakhomo dzulo sabwera lero chifukwa chakuti wakuwa kwambiri.

Mnyamata uja sindimuimba mlandu, popeza wantchito sangagawe chimene mbuye wake sanam'patse. Mlandu ndikuutula pakhomo pa iwo amene, kuyambira m'nyumba zofufuzira mankhwala za ku Ulaya ndi ku America kufikira m'maofesi a zaumoyo a maiko athu ano, anazolowera kuganiza kuti kum'patula mayi woyembekezera ndiko kum'teteza, osazindikira kuti munthu amene wam'siya kunja kwa linga nkhondo ili mkati sunam'chitire chifundo, ungam'tsanzike ndi mawu okoma chotani.

Mantha awo ali ndi gwero lake, ndipo kulibisa kungakhale kusaona mtima. Kuyambira mu 1957, ku Germany ndi kumaiko ena ambiri, amayi apakati ankamwa mankhwala otchedwa thalidomide pofuna kuthetsa mseru ndi kusowa tulo, ndipo pofika mu 1961, pamene mankhwalawo anachotsedwa pamsika, ana oposa 10,000 anali atabadwa ndi zilema, ambiri a iwo ali ndi manja ndi miyendo yosakwanira. Tsoka limeneli linaopsa asing'anga a chizungu kotero kuti mu 1977 boma la America linalangiza kuti akazi onse a msinkhu wobereka asamalowetsedwe m'magawo oyambirira a kafukufuku wa mankhwala, ndipo ngakhale lamulolo linafewetsedwa mu 1993, chizolowezi chake chinatsala m'mitima. N'chifukwa chake mu 2020, pamene a Pfizer, a Moderna ndi a AstraZeneca ankayesa katemera wawo pa anthu zikwi makumimakumi, nkhalamba zinalembedwa, a matenda a shuga analembedwa, koma mayi wapakati ankabwezedwa pakhomo. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo anzeru a dziko lapansi anaima patali, mpini uli m'manja, kuopa kuswa mkhate. Chimene anaiwala n'chakuti phunziro lenileni la thalidomide linali lakuti mankhwala anaperekedwa kwa amayi asanafufuzidwe bwino. Iwo anatengapo phunziro lotembenuka, lakuti asamafufuze konse.

Komatu khoswe wa ulendo uno sanangokhala pamkhate chete, ankaboola. Aliyense amene anakhalapo ndi mayi wotopa m'nyumba amadziwa mmene amapumira akakwera kamtunda kochepa chabe: chiberekero chikamakula chimakankhira mapapo m'mwamba, mtima umapopa magazi ochuluka kuposa kale, thupi limafuna mpweya wokwanira anthu awiri, magazi amaundana msanga pokonzekera tsiku lochira, ndipo chitetezo cha m'thupi chimasintha kachitidwe kake kuti chisamenyane ndi mlendo amene chikum'sunga. Tsono kachirombo kolowa m'mapapo kakam'peza munthu wotere, kamakhala kapeza khomo lotsekula kale. Ku England, m'mwezi wa Okutobala 2021, a zaumoyo analengeza kuti mwa odwala korona okayakaya kwenikweni, amene magazi awo ankachita kutulutsidwa m'thupi ndi makina kuti alandire mpweya n'kubwezeredwanso, 17 pa 100 alionse kuyambira mu Julayi anali amayi apakati osabayitsa. Ku America, bungwe la CDC linapeza kuti m'nyengo ya mtundu wa Delta, womwenso unatisautsa ife m'miyezi yozizira ya 2021, mayi wochira ali ndi korona anali pangozi yobereka mwana wakufa kale kanayi kuposa mnzake wosadwala. Ndipo ku Scotland, kumene anawerenga amayi apakati a dziko lonse, kafukufuku wotuluka mu Januwale 2022 anaonetsa kuti mwa amayi apakati amene korona inawagoneka m'chipinda cha odwala mwakayakaya, 98 pa 100 alionse anali osabayitsa, ndi kuti makanda onse amene anamwalira amayi awo atadwala korona anali a amayi osabayitsa. Awa ndi maiko okhala ndi makina ndi madokotala mbwee. Nanga kwa ife kuno, kumene silinda imodzi ya okosijeni inkachita kupemphedwa pa Facebook, ndi kumene ngakhale mliri usanabwere kalembera wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 439 amamwalira ndi uchembere pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, kudikira kunali chenjezo kapena kunali kutaya?

Umboni wakuti katemerayu savulaza pathupi sunachokere kwa ofufuza amene anayenera kuufunafuna poyamba. Unachokera kwa amayi eni ake, ambiri a iwo anamwino ndi madokotala a ku America, amene poona anthu akufa m'manja mwawo tsiku ndi tsiku anasankha kubayitsa ali ndi pakati, navomera kuti awalondole. Pofika mu Epulo 2021, mwezi womwewo umene mlamu wanga ankabwezedwa pansi pa mango, zotsatira za amayi oposa 35,000 zinali zitasindikizidwa, ndipo sizinaonetse choopsa chilichonse chachilendo. Dziko la Britain linalangiza mwezi womwewo kuti amayi apakati azibayidwa pamodzi ndi anzawo a msinkhu wawo, ndipo America inatsatira ndi mawu amphamvu mu Ogasiti. Kuchokera pamenepo amayi miyandamiyanda abayitsa, ndipo kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana akubwerezabe mawu amodzi, akuti kupita padera sikunachuluke, ana olumala sanachuluke, ndi ana obadwa masiku asanakwane sanachuluke chifukwa cha katemera. Chimene chinaoneka m'malo mwake n'chokondweretsa: asilikali amene thupi la mayi limapanga akabayitsa amadutsa pa nsengwa n'kulowa m'magazi a mwana, kotero kuti khanda limatuluka m'chikuta litavala kale chishango cha amake pa miyezi imene silingabayidwe lokha. Kafukufuku wa ku America wa mu 2022 anapeza kuti kubayitsa kwa mayi kunkachepetsa ndi theka ngozi yakuti khanda losakwana miyezi 6 ligonekedwe m'chipatala ndi korona.

Koma pamene anzeru anali chete, opusitsa anthu sanagone. M'mwezi wa Disembala 2020, a Michael Yeadon, amene kale anali mmodzi wa akuluakulu a kafukufuku ku Pfizer, pamodzi ndi dokotala wa ku Germany, a Wolfgang Wodarg, analembera bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya kuti katemerayu angachititse thupi la mkazi kumenyana ndi nsengwa yake, n'kumusandutsa wosabereka. Mawuwo analibe umboni, ndipo ngakhale munthu wosaphunzira za mankhwala angathe kuwagwetsa ndi funso limodzi: popeza thupi la mkazi amene wadwala korona n'kuchira limapanga asilikali olimbana ndi minga ya kachiromboko yomweyo imene katemera amaphunzitsa thupi kulimbana nayo, bwanji akazi mamiliyoni amene anadwala sanaleke kubereka? Koma bodza limeneli linali ndi mapiko, ndipo litafika kuno kudzera pa WhatsApp linagwa panthaka yachonde, pakuti pakati pathu palibe mawu olasa mkazi ngati akuti chumba, ndipo palibe mtsikana wokwatiwa chatsopano amene angaike ukwati wake pachiswe chifukwa cha matenda amene, monga ankanenera, ankapha mabwana a m'tauni. Pamwamba pa zimenezi anafika aneneri ena a masiku ano, amene amawerenga buku la Chivumbulutso ndi diso limodzi, linalo lili pa mbale ya chopereka, nalalikira kuti jakisoni ndi chizindikiro cha chilombo. Ndipo ndimadabwa kufikira lero kuti abusa amene m'Baibulo lawo lomwelo muli mbiri ya anamwino a Chihebri amene anapulumutsa makanda m'dzanja la Farao anapeza bwanji mtima woopseza amayi apakati kuti athawe anamwino. Zipatso za zonsezi tinaziona ndi maso pa 19 Meyi 2021, pamene katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610, amene masiku ake anali atatha, anatenthedwa ku Lilongwe pamaso pa nduna ya zaumoyo, mayi Khumbize Chiponda. N'zoona kuti katemerayo anafika atatsala ndi masabata ochepa, koma utsi umenewo unakwera kumwamba pamene m'midzi munali amayi amene anabwera okha n'kubwezedwa.

Ndisamveke ngati ndikunena kuti katemera ndi madzi a pachitsime. Mkono umawawa, thupi limatentha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mayi wapakati akatentha thupi ayenera kumwa panado, osangolimba mtima. Atsikana amene ankadandaula kuti msambo wawo wasokonekera sankanama: kafukufuku anatsimikizira kuti kwa ambiri umachedwa pang'ono, osakwana tsiku lathunthu tikawerengera onse pamodzi, n'kubwerera mwakale m'miyezi yotsatira, ndipo amene ankawaseka m'malo mowafotokozera anathandiza bodza kuposa a Yeadon. Katemera wa AstraZeneca ndi wa Johnson & Johnson, amene ife tinayamba kulandira, anapezekanso kuti mwa apo ndi apo, pa anthu ochepa zedi, amayambitsa vuto la kuundana kwa magazi, n'chifukwa chake maiko okhala ndi mwayi wosankha ankapatsa amayi apakati wa Pfizer kapena wa Moderna. Zonsezi zinayenera kunenedwa poyera, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo munthu wamkulu ukam'bisira chochepa n'kudzachitulukira yekha, sadzakukhulupiriranso pa chachikulu.

Za oyamwitsa ndiye sipanayenere kukhala nkhani n'komwe. Mwa katemera amene tinalandira kuno mulibe kachirombo ka korona kamoyo koti kangadwalitse mayi kapena mwana. Chimene chimafika mu mkaka wa m'mawere ndi asilikali a amake, ndipo bungwe la WHO linanena momveka kuti mayi asaleke kuyamwitsa chifukwa chobayitsa, ngakhalenso chifukwa chodwala korona imene. Komabe ndinaona ndi maso anga mayi wina wachitsikana, atabayitsa mobisa chifukwa cha ntchito, akufinyira mkaka wake pansi kuseri kwa bafa kwa masiku atatu pomvera apongozi ake, mwana wa miyezi inayi akupatsidwa phala lamadzimadzi m'kapu, akulira mpaka mawu kusasa. M'dziko limene kutsegula m'mimba kumapha makanda chaka ndi chaka, ngozi inali m'kapumo.

Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti ife Amalawi sitinali alendo pa nkhani yobaya ndi kumwetsa mankhwala mayi woyembekezera. Kodi si amayi athu omwewa amene akhala akupinda dzanja la bulauzi kusikelo kwa zaka makumi kuti alandire katemera wa kafumbata, matenda amene kale ankaumitsa makanda nsagwada mchombo usanagwe? Kodi si dziko lino limene mu 1993 linatsogolera Africa popereka Fansidar kwa amayi apakati kuti malungo asalowe mu nsengwa? Ndipo mu 2011, pamene malangizo a WHO ankati mayi wopezeka ndi HIV ayambe wayezedwa chitetezo chake asanapatsidwe mankhwala, si a zaumoyo athu amene anati ife makina oyezera tilibe okwanira ndipo amayi sangadikire, nayambitsa njira ya Option B+, yakuti mayi aliyense wapakati kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachiromboko ayambe ma ARV pomwepo kwa moyo wake wonse, njira imene WHO inadzaitengera mu 2013? Pa nthawi imeneyo tinali ndi mtima wa mkango, ndipo ana amene lero ali kusekondale opanda kachirombo ndiwo mboni zathu. Tsono kunali kuiwala kotani kuti pa korona tikhale ngati anthu amene sanaonepo singano pamkono wa mayi wapakati? Ndipo, ndinene mong'ung'udza, ambiri a azakhali amene ankaletsa ana awo katemera pa chifukwa chakuti sanayesedwe mokwanira ndi omwewo amene amamwetsa mayi wotopa mwanamphepo usiku kuti matenda afulumire, mankhwala amene palibe anayezapo mlingo wake, ndipo anamwino a m'zipinda zochirira amadziwa bwino zimene amachita ku chiberekero.

Apa ndiye pali fupa lina limene olemba mapositala a zaumoyo safuna kulitafuna. Pathupi kwathu kuno si pa mkazi yekha. Pali mwamuna amene amati mimba ndi yake, pali apongozi, pali anankungwi amene anam'langiza pa chisamba, pali amalume eni mbumba. Uthenga wolembedwa kuti "Mayi, bayitsani" umalankhula ndi munthu amene kawirikawiri alibe mawu otsiriza m'nyumba mwake. Pamenepa ndilankhule ndi amuna anzanga mosapsatira: ife amene tinabayitsa mwakachetechete kuti tipeze chiphaso chowolokera ku Mwanza kapena ku Mchinji popita ku geni, kenaka n'kubwerera kunyumba kudzaletsa akazi athu kuti angatiwonongere mbewu, tinachita chinthu chamanyazi, pakuti tinadziveka chishango n'kum'tuma wonyamula mwana wathu kunkhondo chimanjamanja.

Wina adzati ndikukumba manda akale, popeza WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti korona siilinso ngozi ya dziko lonse, ndipo azungu eni ake ayamba kubwerera m'mbuyo. Zoonadi, mu Meyi 2025 nduna ya zaumoyo ya ku America, a Robert F. Kennedy Jr., munthu amene kwa zaka zambiri asanakhale nduna ankatsogolera gulu lokayikitsa anthu za katemera, analengeza kuti boma lawo laleka kulangiza amayi apakati athanzi kuti azibayitsa. Koma bungwe la madokotala a uchembere a dziko lomwelo linakana kum'tsatira, ndipo likulangizabe monga kale. Nayo Britain inachotsa amayi apakati pa mndandanda wa obayidwa ulere mu 2025, koma chifukwa chake chinali chakuti anthu ambiri kumeneko ali kale ndi chitetezo, matenda acheperako ukali, ndipo ndalama azipima. Sananene kuti apeza choipa m'katemera. Kunena kuti denga silikufunikanso udzu watsopano chifukwa mvula yakata n'kosiyana ndi kunena kuti udzuwo unali ndi njoka. WHO, imene malangizo ake ndiwo maiko ngati lathu amatsamira, mu 2023 inaika amayi apakati m'gulu loyenera kuyamba kuganiziridwa, niti jakisoni mmodzi pa pathupi paliponse.

Ndipo mandawo si akale monga tikuganizira, chifukwa chizolowezi chimene chinam'bweza mlamu wanga chili moyo. Mu 2018, Ebola itabuka kum'mawa kwa Congo, matenda amene amapha pafupifupi mwana aliyense wa m'mimba mwa mayi wodwala, katemera analipo, koma amayi apakati ndi oyamwitsa anayamba apatulidwa kufikira mu 2019. Chaka chomwecho cha 2018, kafukufuku wa ku Botswana atapereka chikayiko pa mankhwala a HIV otchedwa dolutegravir, maiko ambiri anathamangira kuwamana akazi a msinkhu wobereka osawafunsa maganizo, kufikira akaziwo atadzuka n'kunena kuti matupi ndi awo, ndipo umboni wochuluka utabwera chikayikocho chinasungunuka. Nthawi zonse nyimbo ndi imodzi: mayi adikire, timuteteze. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo ngati sitipangana lero, mliri wotsatira, kaya udzatchedwa dzina lanji, udzam'pezanso mayi wapakati ali kumapeto kwa mzere.

Zimene ndikupempha si zodula. Ofufuza athu a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, amene dziko lapansi limawamvera pa nkhani za malungo ndi typhoid, aumirire kwa eni ndalama kuti mankhwala ndi katemera amene adzagwiritsidwe ntchito kuno aziyesedwanso pa amayi apakati amene afotokozeredwa bwino n'kuvomera okha, akangodutsa magawo oyamba otsimikizira kuti si oopsa. Nkhani ya katemera wa mayi woyembekezera, wa korona kapena wina aliyense wobwera, ichoke pansi pa mtengo wa mango ndi pa galimoto ya chimkuzamawu, ipite kusikelo, m'kamwa mwa namwino amene mayiyo amam'vulira chitenje mwezi ndi mwezi, ndipo ikhale ndi mzere wake m'buku, pafupi ndi wa kafumbata. Ndipo malangizo akasintha ku likulu, mlangizi wa kumudzi auzidwe sabata yomweyo, auzidwenso chifukwa chake, kuti pobwerera kwa amayi amene anawabweza athe kunena mosachita manyazi kuti dzulo sitinkadziwa, lero tadziwa, ndipo tadziwira apa.

Mlamu wanga anachira bwino, mwa chisomo cha Mulungu, ndipo mwana wa pathupi paja tsopano akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Posachedwapa ndinam'peza atakhala pakhonde akusankha nyemba, chitenje chitayambanso kukwera pamimba, buku latsopano la sikelo lili m'kajumbo pambali pake. Ndinalitsegula: kafumbata analembamo, Fansidar analembamo, neti analembamo, mankhwala owonjezera magazi analembamo. Ndinam'funsa ngati za korona anazifunsako, ndipo ndinam'limbikitsa kuti Lachitatu akapita akafunse anamwino. Anandiyang'ana, nathira nyemba m'lichero, nati: "Alamu, ndikafunsa ndithu. Koma akakandiuzanso kuti sanauzidwe, ndikabwere ndidzafunse inu?"